Ku Chambe ndi telesikopu yobwereka

Lachitatu, Limbe mpaka Likhubula

"Mmodzi yekha, tizipita!" Kondakitala anakuwa mawu amenewa kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 10, ndipo mmodzi yekhayo atapezeka anayambanso kufuna wina. Ine mkangano wanga unali wa katundu. Ndanyamula chikwama cha kumsana ndi chimgolo chachitali chokulunga m'bulangete. Mnyamatayo anati poti chikhala pampando, chilipirenso mpando. Ndinayesa kunenerera, zinakanika. Ndalipira mipando iwiri.

Chimgolocho ndi telesikopu ya mnzanga amene timaphunzitsa sukulu imodzi. Galasi lake ndi la masentimita 15, yaing'ono ndithu kwa anthu odziwa, koma pamalo a mdima weniweni imatha kuonetsa chinthu chimene ndakhala ndikuchilakalaka: 3C 273, quasar (chapakati chowala koopsa cha mlalang'amba wakutali zedi) yooneka yowala kuposa zonse tikamayang'ana tili padziko pano. Kwathu ku Ndirande n'zosatheka. Magetsi a m'tauni, utsi wa mbaula ndi fumbi la July zimaphimba nyenyezi zing'onozing'ono zonse. Sabata ino mwezi uli kumdima, ndiye ndati ndikayese pamwamba pa phiri la Mulanje.

Tinadzera msewu wa Midima. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira n'kuloza bulangete lija: "Nanga ichi, bwana, ndi mzinga wa nkhondo?" Nditamasula chingwe anaika diso pa kagalasi, anaona mdima wokhawokha poti chivindikiro chinali chotseka, n'kunena kuti tizipita. Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Pa Nkando mayi amene anali pambali panga anagula mbatata yootcha pawindo n'kundinyemera, osafunsa ndi dzina lomwe.

Pa Chitakale ndinakwera njinga yamoto. Ku Likhubula si kutali, koma kufungata telesikopu ya eni ake pa kabaza, woyendetsa akuzemba maenje, umaona kutalika. Mitengo yakwera, aliyense akudandaula za mafuta. Ku ofesi ya zankhalango ndalipira zolowera m'phiri, ndipo andipatsa gaidi ndi pota motsata ndandanda wawo. Gaidi ndi mnyamata wa m'munsi mwa phiri momwemu, sukulu anasiyira Fomu 3. Pota ndi bambo wachikulire pang'ono, wosakonda zoyankhulayankhula. Anasenza chimgolo chija kuti amve kulemera kwake, n'kunena kuti palibe kanthu apa, matabwa amene ankatsitsa kale anali katundu weniweni.

Madzulo mayi wophika pamene ndagonapa anandipatsa kambale ka kalongonda. Akuti anamuteleka m'mamawa ndipo tsiku lonse akhala akutaya madzi n'kuthira ena, chifukwa wosapsa amazunguza mutu. Ndadya mtima uli m'mwamba, koma mbale ndapukuta.

Lachinayi, Chambe

Tinanyamuka kusanatenthe, njira ya Chapaluka. Za Dziwe la Nkhalamba sindilemba, zithunzi zake zadzaza pa Facebook. Chimene chinandigwira mtima ndi zipsera za m'mbali mwa phiri, pamene nthaka ndi miyala zinakokoloka nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023. Gaidi anangoti, "Kumeneko kunali nyumba." Sindinafunse zambiri.

Bondo langa lamanzere linayamba kudandaula chitunda chisanafike n'pakati pomwe. Pota, ali pa mapatapata, telesikopu pamutu, ankatisiya kutali n'kumatidikira pamwala akudya nzimbe. Tinafika masana. Alonda a panyumba ya alendo, agogo a ndevu za mbuu, anali atateleka kale madzi. Ndinagona chagada pakhonde kuyang'ana chithanthwe cha Chambe, kumwamba kuli mbee, ndikudziuza kuti usiku uno zatheka. Pofika 4 koloko nkhungu inatulukira kumwera n'kumeza zonse.

Tili pamoto gaidi anafunsa: "Aphunzitsi, azungu amabwerera Sapitwa. Inuyo mwabwerera chiyani kwenikweni?"

Ndinayambira kutali, poti usiku unali wautali. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a ku Cambridge ankalemba malo a kumwamba amene amatulutsa mafunde a wailesi. Mu ndandanda wawo wachitatu, chinthu ichi chinali nambala 273, ndipo palibe ankadziwa kuti n'chiyani. Mu 1962 mwezi unadutsa kutsogolo kwake, ndipo a ku Parkes ku Australia anawerengera nthawi imene mafundewo anazima ndi kubwereranso, n'kupeza malo ake enieni. Pamalopo panali kanthu kooneka ngati nyenyezi wamba. Chaka chotsatira Maarten Schmidt ku California, atagawa kuwala kwake m'mitundu, anapeza kuti mizere ya mpweya wa hydrogen yasunthira kofiira ndi 16 peresenti. Nyenyezi ya mu mlalang'amba wathu singachite zimenezo: kusunthira kofiira kotereku kumasonyeza kuti chinthucho chili kutali zedi. Kuwala kwa kanthuka kwayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni.

Kuti chinthu chioneke chili kutali chonchi, ndiye kuti chikuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'amba wathu kuziphatikiza pamodzi, kuwirikiza kambirimbiri. Pakati pake pali black hole yolemera kuposa dzuwa maulendo mamiliyoni mazanamazana. Payokha siwala, chifukwa mphamvu yake yokoka salola ngakhale kuwala kutuluka. Chowala ndi mpweya umene ukugweramo: umazungulira, kukhuzana, n'kutentha koopsa usanamezedwe.

Alonda ndi mkulu wa mpingo kumudzi kwawo. Anasonkhezera moto n'kufunsa, "Zaka 2 biliyonizo anawerenga ndani?" Ndinafotokoza mmene ndikanathera. Anati, "Chabwino, inu ndinu aphunzitsi," ndi mawu oonetseratu kuti nkhaniyi sinathe.

Lachisanu, Chambe pomwepa

Chiperoni. Sitikuona ngakhale chimbudzi chimene chili kuseri kwa nyumba pomwepa. Mvula yake si yogwa, ndi yongolendewera, imalowa m'bulangete, m'machesi, mu ufa. Gaidi akuti ikhoza kuchoka madzulo ano, ikhozanso kukhala mpaka sabata ya mawa, phiri silipangana ndi munthu. Ndalama ya pota imawerengeka kaya tayenda kaya takhala, ndipo zimenezi zikundidya mumtima.

Tadya nsima ya usipa ndi soya pisi. Alonda anawonjezera nandolo wamuwisi amene anabwera naye kuchokera kumudzi, n'kukana kuti ndiwabwezere kanthu. Anandikumbutsa lamulo lija loti ukapeza chakudya chophikaphika m'phirimu uzidya wekha, osaitana mnzako. Ndikakhala ku Blantyre nkhani zimenezi ndimaseka nazo. Usiku wathawu, ndikupita panja ndi katochi m'nkhungu muja, chiseko panalibe.

Gaidi sanaiwale za dzulo. "Ndiye mpweya umene chimadyawo chimaupeza kuti?" Funso limeneli laposa ambiri amene ndimalandira m'kalasi, ndipo latidyera masana onse.

Pafupifupi mlalang'amba waukulu uliwonse uli ndi black hole yaikulu pakati pake, ndipo milalang'amba imakumana. Kukumanako kumatenga zaka mamiliyoni mazanamazana. Nyenyezi sizigundana kawirikawiri poti mipata yake ndi yaikulu, koma mpweya umasokonezeka n'kutsetserekera pakati. Imeneyi ndi njira imodzi imene quasar imayakira. Zaka 10 biliyoni zapitazo ma quasar anali ambiri, chifukwa milalang'amba inali yothinana komanso ya mpweya wochuluka. Lero ambiri anazima, chakudya chinatha.

"Nanga ma black hole awiri aja?" Amamira pang'onopang'ono kulowera pakati pa mlalang'amba watsopanowo n'kuyamba kuzungulirana. Kuti ayandikane ayenera kutaya mphamvu, ndipo amaitaya pokankhira kutali nyenyezi zimene zadutsa pafupi nawo. Apa ndi pamene masamu anavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali: akatsala mtunda woti kuwala n'kuyenda zaka 3, nyenyezi zokankha zikhoza kutha, awiriwo n'kumangozungulirana pomwepo osakumana. Koma akadutsa pamenepo, ntchito imatsala m'manja mwa mafunde a mphamvu yokoka. Albert Einstein ananeneratu mu 1916 kuti zinthu zolemera zikamazungulirana zimagwedeza danga lenilenilo, mtunda wa pakati pa zinthu n'kumatalika ndi kufupika pang'ono zedi. Mafundewo amanyamula mphamvu, ndipo awiri aja amayandikana mpaka kukhala mmodzi.

Anthu anayamba kuwamva mafunde amenewa pa 14 September 2015, pa makina a LIGO ku America, amene ali ndi mikono iwiri, uliwonse makilomita 4. Anali ma black hole ang'onoang'ono, wina wolemera ka 36 kuposa dzuwa, wina ka 29, ndipo kugwedezako kunatha sekondi isanakwane. Koma zimphona za pakati pa milalang'amba zimazungulirana kamodzi pa zaka zingapo, ndiye funde limodzi limatenga zaka kuti lidutse. Makina a makilomita 4 sangalimve.

Apa gaidi anati ndiye basi, zakanika. Ayi, ndipo mbali imeneyi ndi imene ndimaikonda. Mu 1967 Jocelyn Bell, ali wophunzira pa yunivesite ya Cambridge, anatulukira ma pulsar: nyenyezi zakufa, makilomita pafupifupi 20 m'mimba mwake, zimene zimazungulira n'kumatumiza kaphokoso ka wailesi ulendo uliwonse. Zina zimazungulira maulendo mazana pa sekondi imodzi, osaphonya. Funde likadutsa pakati pa ife ndi pulsar, kaphokosoko kamafulumira kapena kuchedwa ndi nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi. Pulsar imodzi ikhoza kuchedwa pa zifukwa zakezake, ndiye siingakhale mboni payokha. Mu 1983 Ronald Hellings ndi George Downs anawerengera kuti ngati chochedwetsa ndi mafunde, ma pulsar oyandikana kumwamba azichedwa limodzi, otalikirana madigiri pafupifupi 90 azisemphana, ndipo oyang'anizana mbali ziwiri za thambo azigwirizananso pang'ono. Chotsala kunali kudikira. Gulu la NANOGrav linayeza ma pulsar 68 kwa zaka 15, moti imodzi mwa ma telesikopu awo, ya ku Arecibo, inachita kugwa mu December 2020 ntchito ili m'kati. Kumapeto kwa June 2023, iwo pamodzi ndi magulu a ku Ulaya, India, Australia ndi China analengeza kuti kugwirizana kuja kukuoneka. Si funde la awiri okha ayi, ndi la ambirimbiri a mbali zonse, losakanikirana.

Alonda, amene ndimayesa akuwodzera, anadzutsa mutu. "Ndiye ndi achule a m'dambo mwezi wa January amenewo. Umamva kuti dambo lonse likulira, koma sungaloze kuti walira ndi uyu." Ndawauza kuti fanizoli ndikaphunzitsira ana, ndipo sindiwalipira.

Panja pakadali poyera ndi nkhungu. Nkhuni zanyowa, utsi wadzaza nyumba, maso akuwawa.

Loweruka usiku, Chambe

Ndikulemba zala zili gwa, ndiye mundikhululukire.

Cha m'ma 3 koloko nkhungu inang'ambika, ndipo dzuwa litalowa kunalibe ndi kamtambo komwe. Ndinaika telesikopu pa mwala wafulati kutali ndi utsi. Tochi ndinaikulunga ndi pepala lofiira la pulasitiki kuti isaphe maso. Ndinayambira pa nyenyezi yowala ya Spica, chakumadzulo, n'kupita pa inzake ya Porrima, kenako kudumpha kanyenyezi ndi kanyenyezi motsata mapu amene ndinasindikiza mu Limbe. Mame ankagwa pa kagalasi, ine n'kumapukuta ndi malaya a m'kati. Gaidi anagwira mapu, pota anagwira tochi, alonda anakhala pakhonde atafunda bulangete n'kumati tidwala.

Kenako kanapezeka. Kadontho kofooka, pakati pa tinyenyezi tina tosasiyana nako. Ukakayang'ana mwachindunji kamasowa, ukayang'ana pambali pang'ono kamabwera. Palibe mtundu, palibe mchira, palibe chilichonse chosonyeza kuti n'kapadera, kupatula kuti kali pamene mapu akunena.

Gaidi anaika diso, anakhala kaye chete. "Ndi kameneka? Aphunzitsi, mipando iwiri ya minibasi, ndalama ya pota, bondo lanulo, zonsezi chifukwa cha kameneka?" Ndinati eya. Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti mwala takhalapowu unapangika zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, ndipo pamene unali wamadzimadzi pansi pa nthaka, kuwala kwalowa m'diso mwakeku kunali kutayenda kale magawo 9 mwa magawo 10 a ulendo wake. Anati n'zoona, komabe n'kakang'ono.

Pota ndiye anakhalitsa pa kagalasi. Patapita nthawi anati, "Chikuyenda." Anali ataona zimene ana anga ambiri saziona: nyenyezi zonse zikutsetsereka kutuluka m'galasi. Ndinati ndi dziko lathuli likuzungulira. Anakankha chimgolo pang'ono ndi chala, n'kuzibwezera pakati yekha, osafunsa kuti amatero bwanji.

Cha m'ma 10 koloko Virgo, gulu la nyenyezi mmene muli 3C 273, anali atatsikira kuseri kwa phiri, koma mlalang'amba wathu unali pa liwombo penipeni, wowala moti mizere yake yakuda ya fumbi imaoneka ndi maso. Apa ndi pamene alonda anatsika pakhonde. Ndinawalozera chapakati pa magulu a nyenyezi a Scorpius ndi Sagittarius, pamene pali black hole yathuyathu, yolemera ka 4 miliyoni kuposa dzuwa, pa mtunda woti kuwala kumayenda zaka pafupifupi 26,000. Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez anaitsimikiza potsata nyenyezi zoizungulira, ina yake imamaliza ulendo pa zaka 16, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2020. Chithunzi chake chinatuluka mu May 2022. Yathuyi ili phee, ikudya pang'ono kwambiri. Koma mlalang'amba wa Andromeda ukubwera chakuno pa liwiro la makilomita 110 pa sekondi, ndipo ngati udzakumana ndi wathu zaka mabiliyoni zikubwerazi, ma black hole awiriwa adzasakana. Gaidi anati, "Ndiye ifenso tidzalira nawo m'dambomo." Alonda anati zimenezo adzaona ndi Mwini wake, tiyeni tikagone.

Lamulungu, Lichenya

Ulendo wa lero wandimaliza. Kukwera, kutsika, kukweranso, ndipo m'njira zitsa za mkungudza n'zambiri kuposa mitengo yamoyo. Pena fungo lake limakupeza usanaone chitsa. Gaidi anandidulira ndodo, ndipo pa chitunda chomaliza ananditengera chikwama osanena kanthu.

Madzulo tinapita kumphepete, kumene minda ya tiyi imaoneka pansi ndipo kutsogolo ndi Mozambique. Netiweki imagwira pamenepo, ndiye aliyense anali pa foni. Ine ndinakhala ndikuyang'ana tsidya linalo ndi kansanje. Telesikopu yaikulu ya SKA, imene ikumangidwa ku South Africa ndi ku Australia, ili ndi maiko 8 a mu Africa ogwirizana nawo: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Anansi athu a mbali ziwiri alimo, ife mulibe. Chonsecho ntchito ya ma pulsar ija ikuchitika konkuno kummwera. MeerKAT, telesikopu ya wailesi ya mbale 64 m'chipululu cha Karoo ku South Africa, inayeza ma pulsar 83 kwa zaka zinayi ndi theka, ndipo mu December 2024 gulu lake linanena kuti nalonso likuona zizindikiro za mafunde aja. Ntchito yambiri pamenepo ndi masamu ndi kompyuta. Mwana wa ku Chitakale akhoza kuigwira, bola wina amutsegulire khomo.

Gaidi anafunsa ngati nkhani ya achule ija ndi yotsimikizika. Ndinamuuza zimene eni ake ananena mu 2023: ndi umboni wamphamvu, koma sunafike pa muyezo umene iwo amafuna kuti anene kuti tapeza. Ndinkakwiya nthawi imeneyo kuona anthu akugawana nkhaniyi ngati mlandu watha. Phokosolo likuonekanso lalikulu kuposa mmene ambiri ankayembekezera. Mwina zimphonazo n'zolemera kapena n'zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo ngati ndi zomwezo, ndiye kuti mpata wovuta wa zaka 3 uja zimaudutsa ndithu. Ena akuti mbali ina ikhoza kuchokera pachiyambi penipeni pa chilengedwe. Chimene chingathetse mkangano ndi kupeza awiri amodzi, kuloza mlalang'amba wawo, n'kumva funde lawo paokha. Oganiziridwa alipo, monga OJ 287, imene imawala modzidzimutsa pafupifupi zaka 12 zilizonse, koma palibe amene wagwidwa. A ku Ulaya akukonzanso LISA, zombo zitatu zotalikirana makilomita 2.5 miliyoni, zoti zidzapite kumwamba cha m'ma 2035 kukamva kukumana kwenikweniko. Ndinawerengera zaka zanga pofika nthawi imeneyo, n'kusintha nkhani.

Usiku mitambo yabweranso. Sindinamasule n'komwe bulangete.

Lolemba, Chitakale, Thyolo, Bvumbwe

Kutsika n'kowawa kuposa kukwera, bondo latupa. Pa Likhubula ndinalipira anthu anga, ndipo pota anawerenga ndalama zake kawiri, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Gaidi anandiperekeza mpaka pa Chitakale, tinadya nsima ya nkhuku ya lokolo, iye n'kumafunsa ngati Andromeda amaoneka popanda makina. Ndinati eya, mu November cha m'ma 9 koloko usiku ayang'ane kumpoto kukakhala kopanda mwezi, adzaona kamtambo kofooka. Anandibwereka cholembera n'kulemba kuseri kwa risiti. Akuti alendo amakonda nkhani zoterezi pamoto, ndipo gaidi wodziwa nyenyezi sangalandire ndalama yofanana ndi wongodziwa njira.

Minibasi ya Midima inali isanadzaze, ndiye ndinakwera yodzera ku Luchenza ndi Thyolo. Yaima paliponse. Mayi wina anakwera ndi nkhuku zitatu, bambo wina ndi thumba la makala limene linakhala pa phazi langa mpaka pa boma. Pa Bvumbwe ndinagula kabichi ndi tomato pawindo kuti kunyumba asandifunse kuti ndabwera ndi chiyani.

Ndili pomwepo foni inalira, uthenga wa gaidi: "Aphunzitsi mwafika? Mzungu uja wa hydrogen dzina lake amalemba bwanji? Lachinayi ndili ndi alendo anayi a ku Holland." Ndamuyankha kuti awauze bwinobwino, Maarten Schmidt anali wa kwawo komweko.